Land Cruiser yakale: yambani ndi sikelo musanagule masipuling'i

Pali mtundu wa galimoto umene achinyamata ambiri omaliza kumene maphunziro amaulota: Land Cruiser kapena Hilux yakale, yogulidwa pa okushoni pamene bungwe kapena nthambi ya boma ikuchotsa magalimoto otopa. Ganizo lake ndi labwino ndithu. Uikonze pang'onopang'ono, kenako izikubweretsera ndalama ponyamula soya ndi mtedza kuchokera kumidzi, pobwereketsa kwa anthu ochita kafukufuku, kapena pokweza alendo ku Nyika. Injini ikangoyamba kulira bwino, nkhani imafika pa zimene zili kunsi, masipuling'i ndi ma shock, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimalowera m'madzi. Funso loyamba limene pafupifupi aliyense amafunsa ndi lakuti, "Ndiikweze mpaka pati?" Ine ndikuti funso limeneli liyenera kukhala lomaliza. Loyamba ndi losasangalatsa konse: galimotoyi izinyamula makilogalamu angati tsiku ndi tsiku, ndipo iziyenda m'misewu yotani?

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene timakonda kuzitchulira pamodzi ngati ndi chimodzi. Sipuling'i ndi imene imasenza kulemera kwa galimoto, ndipo ndi imene imanena kuti galimoto iima motalika bwanji. Shock siisenza kanthu. Ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kudumphadumpha tayala likagunda mwala. Amene anatungako madzi pa mjigo akudziwa kuti mutu ndi khosi ndi zimene zimasenza ndowa, koma timasamba timene amaika pamwamba pa madzi ndi timene timaletsa madziwo kukhavukira pankhope. Chotsani timasamba, ndowa isenzekabe, koma mufika kunyumba mutanyowa. Ikani timasamba tambirimbiri pa ndowa yolemera kuposa khosi lanu, khosi lipwetekabe. N'chifukwa chake munthu amene galimoto yake yafwafwalala kumbuyo ndiye n'kukagula ma shock okwera mtengo amabwerako ali wokhumudwa. Wagula mankhwala a matenda ena.

Lamulo la sipuling'i ndi lakale kwambiri. Robert Hooke, wa ku England, analifalitsa mu 1678: sipuling'i imatsika molingana ndi kulemera kumene mwaikapo. Mukawirikiza katundu kawiri, nayo imatsika kawiri. Tiyeni tiwerengere limodzi ndi matumba a chimanga, poti tonse tikudziwa kuti thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Tiyerekeze kuti sipuling'i iliyonse ya kumbuyo imatsika milimita imodzi pa makilogalamu 4 alionse. Mwakweza matumba 8 pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo, amene ndi makilogalamu 400, kutanthauza 200 pa sipuling'i iliyonse. Galimoto yatsika mamilimita 50. Ngati munalipira ndalama zankhaninkhani kuti muikweze ndi mamilimita 50 pogwiritsa ntchito masipuling'i aatali koma ofewa, kukwera konseko kwatha ndi matumba 8 okha, musanakweze ndi komwe mwini chimangacho. Utali wa sipuling'i ndi kulimba kwake ndi nambala ziwiri zosiyana. Wogulitsa amakonda kukuuzani yoyambayo chifukwa ndi imene maso amaona.

Musanapite kulikonse, dziwani kaye galimoto imene muli nayo, chifukwa dzina lakuti Land Cruiser ndi mfunda, si dzina la munthu mmodzi. Mtundu wa 70 unayamba mu 1984, ndipo ya 75, imene ambiri timaidziwa ngati ambulansi kapena pikapu, ili ndi masipuling'i azitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kuyambira mu 1999, ya 78 ndi 79 zinapatsidwa masipuling'i opiringiza, ma coil, kutsogolo, koma kumbuyo zinasunga osanjikizana aja. Ya 80, imene inatuluka mu 1990, ili ndi ma coil mbali zonse zinayi. Hilux ili ndi osanjikizana kumbuyo, koma kutsogolo zimatengera chaka: zambiri za chisanafike chaka cha 2005 zili ndi torsion bar, mtengo wachitsulo umene umapotoka m'malo mopanikizika, pamene za kuyambira 2005 zili ndi coil yozungulira shock. Land Rover inasamukira ku ma coil kalekale, pa One Ten ya mu 1983, imene pambuyo pake inadzatchedwa Defender. Izi si nkhani zongosonyeza kuti munthu wawerenga. Chilichonse mwa izi chimasintha zimene zingachitike mukaikweza, monga tionere kutsogoloku.

Nanga chilakolako chokweza chimachokera kuti? Kwa ine, gwero lake lalikulu ndi YouTube ndi Facebook. Makanema ambiri a magalimoto a m'tchire amachokera ku Australia, South Africa ndi America, ndipo mayina amene amatchuka, monga Old Man Emu, Ironman 4x4, Dobinsons ndi Tough Dog, ndi a ku Australia. Katundu wawo ndi wabwino, sindikutsutsa. Koma taonani galimoto imene ili mu kanemayo. Ili ndi bampala yachitsulo ndi winchi kutsogolo, batire lachiwiri, thanki yowonjezera ya dizilo, firiji, madilowa kumbuyo, thanki ya madzi, matayala awiri apadera ndi tenti padenga. Zonsezi sizitsika m'galimoto chaka chonse. Munthu wopita pa Canning Stock Route, njira ya m'chipululu yotalika pafupifupi makilomita 1,850, alibe kuchitira mwina koma kunyamula nyumba yonse. N'chifukwa chake makampaniwa amagawa masipuling'i awo potengera katundu wokhazikika, ndipo amalemba ndithu kuti awa ndi a galimoto yopepuka, awa ndi a galimoto imene nthawi zonse imakhala ndi makilogalamu mazana angapo owonjezera. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti nthawi zonse.

Galimoto ya mnyamata wa ku Mchinji kapena ku Rumphi siikhala moyo umenewo. Imapita kumudzi yopanda kanthu, n'kubwerako itadzaza mpaka pakamwa. Mawa inyamula anthu anayi ndi zikwama zawo za mafunso. Mkuja ikatenga maliro. Mukaiika masipuling'i olimba kwambiri chifukwa mwamva kuti "heavy duty" ndiye yachimuna, theka la maulendo ake iziyenda ngati ngolo ya ng'ombe. Ndipo vuto si kupweteka kwa msana kokha. Sipuling'i imene siikupindika imapereka nkhonya yonse ya msewu kwa chesisi, bodi ndi mabawuti, ndipo pakapita nthawi ming'alu imayamba kuoneka pamene masipuling'i amamangirira. Choopsa kwambiri n'chakuti matayala akumbuyo amadumpha m'malo motsatira nthaka. Tayala limene lili m'malere silingagwire buleki, silingakhote. Pa msewu wadothi umene wapanga timizere ngati lata la padenga, galimoto yotere imataya matako pa khona ngakhale dalaivala sakuthamanga kwenikweni. Ganizirani za mayi woyembekezera amene wagona kumbuyo kwa Land Cruiser 78 popita kuchipatala cha boma, ndiye mundiuze ngati kulimba kokha ndiko ubwino wa sipuling'i.

Mbali inayo nayonso ndi yoipa. Masipuling'i ofewa pansi pa katundu wolemera amachititsa galimoto kukhalira timphira toimitsa tija tili pakati pa chesisi ndi axle. Mphuno imaloza kumwamba, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero chimayandama, ndipo nyali zimathobwa m'maso oyendetsa anzanu usiku pa M1.

Ndiye njira yake ndi sikelo. Malizani kaye kumanga zonse zimene zidzakhale pa galimoto mpaka kalekale, kaya ndi bampala, kanyenya wa padenga kapena zitsulo zotchingira katundu. Dzazani thanki. Kenako pezani sikelo yoyezera magalimoto, monga imene imapezeka kwa ogula mbewu zochuluka, muyeze matayala akutsogolo paokha ndi akumbuyo paokha, kamodzi ilibe katundu, kachiwiri itanyamula katundu amene mukuyembekeza masiku ambiri. Osati katundu wa tsiku limodzi pachaka la ukwati wa mlongo wanu, koma wa Lachiwiri wamba. Tenganinso tepi muyeze kuchokera pakati pa wilo mpaka m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse zinayi, mulembe. Mukayeza kuchokera pansi, mpweya wa m'tayala ukusokonezani. Ndi manambala amenewa m'thumba, kukambirana kwanu ndi wogulitsa kumasintha. Simukupemphanso malangizo, mukugula chinthu chimene mukuchidziwa.

Kwa galimoto imene katundu wake amasinthasintha, yankho labwino linalipo kale. Yang'anani pansi pa Hilux: kunsi kwa mtolo wa masipuling'i kuli chitsulo chimodzi chokhuthala chimene sichigwira ntchito galimoto ikakhala yopanda kanthu, koma chimayamba kusenza katundu akachuluka. Ma coil nawo alipo amene amayamba mofewa n'kumalimba pamene akupanikizika. Masipuling'i a magawo awiri oterewa sapatsa chidwi pa chithunzi, koma amagwirizana ndi moyo wa galimoto ya bizinesi kuno kwathu kuposa amene anapangidwira firiji ndi tenti.

Tsopano ku nkhani ya kukweza ija. Pali mfundo imodzi imene makanema satchula kawirikawiri. Pa galimoto ya axle yolimba yoyambira tayala ili mpaka linalo, monga Land Cruiser 70 ndi 80 kapena Defender, malo otsikitsitsa ndi difu, chibumpha chija chili pakati pa axle. Difu imakhala pa matayala, osati pa masipuling'i. Kwezani bodi mamilimita 100 ngati mukufuna, difu ikhala pomwe inali. Ndipo m'nyengo ya dzinja, m'msewu umene mathirakitala ndi malole akumba makwawa awiri n'kusiya chitunda pakati, chimene chimakola ndi difu. Chimene chimaikweza ndi tayala lalikulu basi, ndipo tayala lokulirapo ndi mamilimita 50 limakweza difu ndi 25 okha.

Kukweza kuli ndi ubwino wake, ndisaname. Kumathandiza kuti mimba ya galimoto isakhule pamwamba pa chitunda, kuti bampala isakumbe potsika mu khwawa, ndi kuti tayala lalikululo lipeze malo. Munthu amene ntchito yake ndi kuoloka timitsinje topanda milatho ali ndi chifukwa chomveka. Komanso tisaiwale kuti galimoto ya zaka 25 inatsika kale chifukwa masipuling'i anatopa. Mukangoika atsopano a muyezo wa kufakitale, muona ngati mwaikweza, ndipo anthu ambiri akanakhutira pamenepo akanayesa.

Koma milimita iliyonse yopitirira pamenepo ili ndi ngongole yake, ndipo ngongoleyo siilembedwa pa mtengo wa masipuling'i. Pa magalimoto a ma coil kutsogolo, kukweza kumapendeketsa axle, n'kuchepetsa chimene amakaniko amati caster. Zotsatira zake, chiwongolero sichibwereranso chokha pakati mukamaliza kukhota, ndipo galimoto imayendayenda mumsewu ngati yaledzera, mpaka mutagula mabushu kapena zitsulo zokonzera vutolo. Chitsulo chopingasa chimene chimasunga axle pakati, panhard rod, chimakokera axle mbali imodzi. Mapaipi a mphira a mabuleki amatha kufupika tayala likalendewera. Pa Hilux, ma CV joint amagwira ntchito atapindika kwambiri ndipo mphira zake zimang'ambika msanga. Amene amangomanga bawuti ya torsion bar kuti mphuno ikwere adziwe kuti sanalimbitse kanthu, angodya danga limene tayala limatsikira likapeza dzenje.

Ngongole imene imandiopsa kwambiri ndi ya mabuleki akumbuyo. Ma Land Cruiser ndi ma Hilux ambiri akale ali ndi kavalavu kolumikizidwa ku axle ya kumbuyo ndi kawaya kachitsulo. Galimoto ikalemedwa n'kutsika, kavalavuko kamatumiza mphamvu yochuluka ku mabuleki akumbuyo. Ikakhala yopanda kanthu, kamachepetsa kuti matayala asakhuluzike. Mukaikweza osakonza kawayako, kavalavu kamaona ngati galimoto ilibe katundu ngakhale itanyamula matumba khumi. Munthu amadzazindikira izi akutsika Chiweta kapena makhota a Gorodi kuchokera ku Livingstonia, nthawi imene kuphunzira kwachedwa. Onjezerani apo kuti galimoto yokwera imagubuduzika msanga, makamaka Land Cruiser 70 imene ndi yaitali komanso yopapatiza kale, ndiye muikenso katundu padenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maganizo anga ndi akuti mamilimita 50 ndiwo malire a munthu amene alibe ndalama zosinthira theka la zitsulo za kunsi, ndipo kwa ambiri ngakhale 50 yo siifunika.

Wina anena kuti zonsezi ndi za anthu olemera, ife timangopita ku Ndirande kukawonjezera chitsulo chimodzi kapena ziwiri mu mtolo wa masipuling'i. Sindinyoza njira imeneyi. Ubwino waukulu wa masipuling'i osanjikizana ndi womwewo, kuti munthu wa nyundo ndi sipanala atha kuwamasula, kusintha chitsulo chothyoka n'kukubwezerani pamsewu tsiku lomwelo, pamene coil ikathyoka mumadikira ina. Makaniko wodziwa ntchito amene wawonjezera chitsulo cha m'lifupi ndi makhuthalidwe oyenera mbali zonse ziwiri, n'kuika bawuti yapakati yatsopano, wachita zomwezo zimene fakitale imachita. Zimene ndikukana ndi zitatu. Kuwotcha sipuling'i ndi moto kuti ipindikenso, chifukwa moto umachotsa kukhwima kwa chitsulo ndipo chimatsikanso kapena kuthyoka. Kuwotcherera chitsulo chothyoka, chifukwa chidzathyokanso pambali pa chowotchereracho. Ndi kukhulupirira kuti ukawonjezera zitsulo ndiye kuti galimoto yasanduka lole. Kachitsulo kolembedwa ndi fakitale kamene kamanena kulemera konse kololedwa sikasintha. Ma bearing, axle, matayala ndi mabuleki ndi omwe aja. Masipuling'i olimba amangobisa kuti galimoto yalemedwa, ndipo zimenezi n'zoipa kuposa kufwafwalala, chifukwa galimoto yofwafwalala imachenjeza aliyense woiona.

Masipuling'i akasankhidwa, ndiye tibwere ku ma shock, osati mosemphanitsa. Shock ndi paipi ya mafuta imene m'kati mwake muli pisitoni ya timabowo. Tayala likamakwera ndi kutsika, mafuta amakanikizidwa kudutsa m'timabowomo, ndipo mphamvu ya kudumpha imasanduka kutentha. Choncho mdani wa shock si dzenje limodzi lalikulu ayi, koma msewu wa timizere uja, pamene pisitoni imavina kambirimbiri pa sekondi kwa maola angapo, monga zimakhalira pochoka ku Rumphi kupita ku Chelinda m'chilimwe. Mafuta akatentha amapyapyala n'kuchita thovu, pisitoni imangodutsa mu thovulo, ndipo galimoto imayamba kuyandama ngati bwato. Mpweya wa nitrogen umene amaika mu ma shock a gasi ntchito yake ndi kupanikiza mafuta kuti thovu lisachite. Shock yonenepa, ya mafuta ambiri, imachedwa kutentha.

Pali mitundu iwiri yaikulu. Ya mapaipi awiri, twin-tube, ndi yotsika mtengo, ndipo mwala ukaphwanyitsa paipi yakunja imagwirabe ntchito chifukwa pisitoni ili mu yam'kati. Ya paipi imodzi, monotube, imene Bilstein ya ku Germany imadziwika nayo, imataya kutentha bwino, koma ikabonyoka pisitoni imakanirira. Pamwamba pa izi pali ija ya kabotolo kapambali kolumikizidwa ndi paipi, imene imakongola kwambiri pa chithunzi. Imeneyo ndi ya munthu wothamanga m'chipululu ndi katundu wolemera, ndipo imafuna kumasulidwa ndi kukonzedwa nthawi ndi nthawi ndi munthu wa zida zake. Dzifunseni kuti ikayamba kudontha muli ku Chitipa mudzatani. Kwa galimoto yopezera chakudya, ine ndingasankhe twin-tube ya gasi yonenepa bwino, ya dzina lodziwika ngati KYB, Monroe, Gabriel kapena ya Toyota yeniyeni, yogulidwa kwa wogulitsa amene amapereka lisiti, chifukwa zachinyengo zolembedwa mayina otchuka zilipo pamsika. Ubwino wina wokhala pa muyezo wa kufakitale ndi umenewu: shock yolowa m'malo mutha kuipeza ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Blantyre tsiku lomwelo, osadikira munthu wochokera ku Johannesburg m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja.

Chimene ambiri amalakwitsa si dzina koma utali. Shock ili ndi miyezo iwiri, itatseka ndi itatseguka. Ikakhala yaitali kwambiri itatseka, ndiyo imagunda pansi timphira toimitsa tisanafike, ndipo imaphulika kapena kuzula pomangira pake. Ikakhala yaifupi itatseguka, monga zimachitikira munthu akakweza galimoto n'kusiya ma shock akale, imakokedwa mpaka kumapeto nthawi iliyonse tayala likagwera m'dzenje. Ikatalikitsa itatseguka pa galimoto ya ma coil, coil imatha kuchoka pa mpando wake. Ndipo sipuling'i yolimba imabwerera ndi mphamvu yochuluka, choncho imafuna shock yotha kuigwira pobwererapo. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chogulira masipuling'i ndi ma shock a kampani imodzi opangidwira galimoto yanu, ngati thumba likulola. Si nkhani ya mtundu wa penti kuti ufanane. Chenjezo lina: kukanikiza shock ndi manja pa shopu sikukuuzani zambiri, poti dzanja silingafike pa liwiro limene pisitoni imayenda nalo pamsewu.

Ndalama zimene mwapulumutsa posagula zokongolazo zili ndi kopita. Mabushu onse a mphira asinthidwe, chifukwa sipuling'i yatsopano pa bushu yodyeka imagogodabe. Ma U-bolt, mabawuti opindika amene amamanga mtolo wa masipuling'i ku axle, akhale atsopano, poti akale anatamuka kale pomangidwa koyamba. Masipuling'i ndi ma shock asinthidwe awiriawiri, kumanja ndi kumanzere. Pa ma coil, werengani zimene zalembedwa, chifukwa pa magalimoto ena ya mbali ya dalaivala imakhala yaitaliko pang'ono, ndipo mukasemphanitsa galimoto imapendekeka. Uzani makaniko wanu, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, kuti mabawuti a mabushu amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa pa jeke n'kuima pa matayala ake. Akamangidwa ili m'mwamba, mphira imakhala yopotoka kuyambira tsiku loyamba ndipo imang'ambika m'miyezi yochepa. Kenako mukayezetse alayimenti, mukonze kavalavu ka mabuleki kaja, muongole nyali.

Mukayenda makilomita mazana angapo oyamba, ibwezereni pa galaja, ma U-bolt amangidwenso, chifukwa zitsulo zatsopano zimakhazikika ndipo mabawuti amakhwefuka. Tengani tepi ija muyezenso mbali zonse zinayi, muyerekeze ndi manambala amene munalemba poyamba. Ngati kumbuyo kwatsika kuposa kutsogolo galimoto itanyamula katundu wake wa masiku onse, pepala lanu la ku sikelo ndi lisiti ndi zimene mupite nazo kwa wogulitsa.